Bokosi Lomaliza la Makiyi

Pabalaza pa nyumba ya Pulofesa panali mipando itatu, katebulo kotsimphina mwendo umodzi, ndi kanema wamkulu kuposa zenera. Pansi pa kanemayo panali makina awiri a magemu, oyandikana ngati mapasa. Akumanja anali a Pulofesa. Akumanzere anali a malemu mlamu wake, ndipo pamwamba pake pankakhala kope lachikuto chobiriwira ndi mahedifoni omangidwa ndi tepi.

Pulofesa sanali pulofesa. Ankaphunzitsa masamu pasekondale ina, ndipo dzinali anam'patsa ndi akuchikazi tsiku loyamba limene anakawachezera, atafotokozera apongozi ake chifukwa chimene ketulo yawo inkachedwera kuwira. Panalibe amene anam'funsa. Iye analandira dzinalo ngati ulemu, ndipo akuchikaziwo sanaone chifukwa chom'chotsera chimwemwe chake.

Mkazi wake anali namwino, ndipo ngakhale achibale ankangomuitana Namwino. Mchimwene wake wa Namwinoyo ndiye anali Makiyi, munthu amene anatha zaka zake akudula makiyi ndi kukonza maloko m'kashopu kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi osoka nsapato. Matenda atam'gwetsa, anadzakhala kwa mlongo wake, ndipo miyezi isanu ndi iwiri yomaliza anaithera pampando wapakati uja, bulangete m'miyendo, padi yosewerera gemu ili m'manja.

Gemu yake inali ya dziko la mafumu, afiti ndi zinjoka zolavula moto. Anthu ambiri amaisewera kuti aphe zinjokazo ndi kulanda maufumu. Makiyi sanaphe ngakhale buluzi. Anagula kanyumba kosanja m'mbali mwa mtsinje wa m'gemumo, n'kuphunzira kusula zitsulo, n'kuyamba kupanga maloko. Munthu anam'patsa dziko lonse kuti asankhe chimene akufuna kukhala, iye n'kusankha ntchito yomwe ija.

M'gemumo munthu ankatha kulemba papepala n'kulisunga m'bokosi. Makiyi ankalemba ndi padi, chilembo chimodzichimodzi, ngati nkhuku yotola mapira. Anadzaza mabokosi khumi ndi awiri. Khumi ndi limodzi anawandandalika m'chipinda chapansi, lililonse ndi kakalata kake kakafupi. Lomaliza analikweza m'chipinda cham'mwamba, ndipo zolowa m'menemo anazilemba milungu itatu yathunthu, akutembenuza mpando kuti mlongo wake asasuzumire. Atatha, anakhoma mabokosi onse ndi maloko opanga yekha, n'kupita ndi makiyi ake pamlatho, n'kuwaponya mumtsinje Namwino akuona.

"Achimwene, mwataya makiyi?"

"Ndataya. Moyo wanga wonse ndakhala ndikutsegulira anthu. Iwe udzatsegule wekha."

"Ine za magemu ndinazidziwira kuti?"

"Udzaphunzira. Kusiyana n'kumangokhala pamenepa n'kumalira, n'kumanyowetsa mipando ya alamu."

Patatha milungu iwiri Makiyi anamwalira, ndipo mpando wapakati unatsala ndi dzenje la thupi lake.

Kutsegula loko m'gemu imeneyi kunali kagemu pakokha. Ukafika pabokosi, kanema ankakuonetsa loko atang'ambidwa pakati ngati mtedza, mkati muli mano asanu olendewera pamasipuling'i. Ndi kawaya unkakankhira dzino m'mwamba, ilo n'kukwera, n'kutsikanso. Pakamphindi kamene lafika pamalo pake linkathwanima, ndipo ukadina batani nthawi yomweyo linkakhazikika. Ukafulumira kapena kuchedwa, kawaya kankathyoka, mano onse n'kugwa, ndipo pankhope ya loko pankatsala chipsera. Kukankha ndi kuyang'ana kunalibe mlandu. Munthu akanatha kukankha tsiku lonse. Mlandu unali pakudina. Zipsera zikakwana zitatu, loko ankafa, osadzatsegukanso. Ndipo Makiyi, monga mwa khalidwe lake, anasankha kaseweredwe kouma mtima, komwe gemu imadzisungira yokha chilichonse chimene wachita. Kubwerera m'mbuyo kunalibe.

Apa tiyenera kum'chitira chilungamo Pulofesa: maloko ankawatha. Pamakina ake anali atatsegula maloko mazana anayi ndi khumi ndi awiri, ndipo nambalayi ankaitchula ngati mmene ena amatchulira zaka za ana awo. Anatulukira kuti kuthwanima kwa mano kumatsata dongosolo, ndipo dongosololo analilemba papepala la mabokosimabokosi la ana a sukulu. Ankasewera atazimitsa mawu, chifukwa azeze ndi zitoliro za m'gemumo zinkamusokoneza powerenga. Akayandikira loko, milomo inkayenda, chala n'kudina, bokosi n'kutseguka. Anali asanakumanepo ndi loko wopangidwa ndi munthu mnzake. Onse amene anawatsegula anali obwera ndi gemu. Koma kwa iye loko anali loko.

Namwino bokosi loyamba linam'tengera masiku asanu ndi anayi. Mkati munali mawu akuti, "Wafika? Ndimayesa wapita kuntchito." Anaseka mpaka anakhala pansi. M'lachiwiri munali chivomerezo: "Ambulera yako yofiira ija sinabedwe m'basi. Ndinaiiwala ndine kwa ometa." Lachinayi analiyamba atavala kale yunifomu, diso lina lili pawotchi, ndipo tiwaya titatu tinathyoka motsatizana. Loko anada bii, n'kufa. Tsiku limenelo anakalirira kubafa, mpopi atautsegula, ndipo zimene zinali m'bokosi lachinayi sanazidziwe mpaka lero. Kuyambira pamenepo anasiya kuthamanga. M'lachisanu ndi chiwiri anapeza mawu akuti, "Amayi akamati ali bwino, usamamvere pakamwa pawo. Uziyang'ana mapazi." Kalata iliyonse ankaikopera m'kope lobiriwira lija, n'kuwawerengera amayi ake pafoni.

Atatsegula lakhumi ndi chimodzi, anawerenga chamumtima, n'kuyang'ana mwamuna wake amene ankachonga mayeso patebulo, n'kumwetulira, n'kukopera m'kope osanena kanthu. Kenako anakwera m'chipinda cham'mwamba, ndipo apo m'pamene zinthu zinaima. Milungu isanu inatha. Akaweruka kuntchito ankavala mahedifoni a malemu, n'kufika pabokosi lomaliza, n'kukankha dzino, n'kulisiya litsike, n'kulikankhanso. Sankadina. Pakatha theka la ola ankazimitsa makina n'kukatenthetsa madzi osamba.

Kwa Pulofesa zimenezi zinali ngati kuonerera munthu akuyenda mozungulira chitsime ali ndi ludzu.

"Mayi, loko ameneyo ndi wa mphindi ziwiri," anatero tsiku lina.

Namwino anachotsa hedifoni imodzi. "Kwa inu."

"Kwa aliyense wodziwa kuwerenga mpaka folo."

"Uyu ndi wina, bambo. Achimwene analemba kuti..."

"Ndikudziwa. Mano asanu, masipuling'i asanu. Gemu ndi masamu ongovala malaya."

"Bwanji muwerenge kaye kopelo?"

"Ndiwerenge nkhani za ambulera?"

Namwino anam'yang'ana mmene ankayang'anira odwala amene abwera atadziyeza kale okha pa intaneti, n'kubwezera hedifoni ija kukhutu.

Panali chifukwa china chimene bokosilo linkam'yabwira Pulofesa. Kwa akuchikazi munthu ankamuyeza ndi manja, ndipo manja a Pulofesa anali ndi mbiri. Chaka chimene anakwatira anakonza yekha loko wa chitseko cha kubafa, atakana kuitana mlamu wake. Loko anagwira ntchito bwino kwambiri, moti apongozi ake atalowa anakhalamo ola lathunthu, mpaka Makiyi anafika n'kuwatulutsa ndi mpini wa supuni. Nkhaniyi inkafotokozedwa paliponse pamene achibale akumana, ndipo chaka chilichonse ola lija linkatalika. Tsopano panali loko wa Makiyi yemweyo, m'dziko limene Pulofesa ndiye anali katswiri. Mpata wotere subwera kawiri.

Loweruka lina m'mawa apongozi aja anafika, atatenga kachikwama ka zovala za usiku umodzi. Namwino ndiye anawaitana. Asanawapatse n'komwe moni wokwanira anawavula nsapato n'kuwadina mapazi ndi chala.

"Ndili bwino ine," anatero amayiwo.

"Ndamva. Ikani miyendo pampandopa."

Chakumasana foni inalira. Mnzake wina wakuntchito anali atadwala, ndipo panafunika womugwirira mpaka faifi koloko. Namwino anavala yunifomu, n'kuima pakhomo chikwama chili paphewa.

"Bambo, makina a achimwenewo musawakhudze. Ndikufotokozerani ndikabwera."

"Ndikudziwa, mayi. Pita, uchedwa."

Anatsala awiri, munthu ndi apongozi ake, pakati pawo pali makapu a tiyi ndi ulemu wambiri wosowa pouika. Anakambirana za mvula, za mabasi, za ana a masiku ano. Nkhani zitatha, maso a mayiwo anakagwera pamakina akumanzere.

"Ndiye mwana wanga ali m'menemo?"

"Mawu ake, amayi."

"Akuti latsala bokosi limodzi."

"Limodzi basi. Milungu isanu tsopano."

Mayiwo anapukusa mutu pang'ono. "Ine zaka zapita. Ndikanakonda kumva zimene analembazo makutu akadali anga."

Sanapemphe kanthu. Ankangolankhula monga amalankhulira makolo. Koma Pulofesa anamva pempho, ndipo analimva momveka bwino chifukwa anali atalidikira milungu isanu. Anaika kapu pansi n'kuyatsa makina akumanzere.

Anayamba ndi kuwaonetsa nyumba. Anawayendetsa pamlatho, n'kulowa pakhomo, n'kudutsa pamalo osulira zitsulo ndi mabokosi otseguka aja, limodzi lokha lakuda lili pakati pawo. Mayiwo anasendeza mpando pafupi ndi kanema.

"Taonani," anatero atafika kuchipinda chogona. "Ngakhale kunoko sayala bedi."

M'chipinda cham'mwamba munalibe china koma bokosi lachitsulo pansi pa zenera. Pulofesa anazimitsa mawu, monga mwa chizolowezi chake, n'kutenga pepala lake la manambala. Katebulo kaja kankagwedera, choncho anafuna chinthu cholimba chotsamiritsapo pepalalo pabondo. Chimene chinali pafupi chinali kope lobiriwira. Analitenga, osalitsegula, n'kuikapo pepala lake pamwamba.

"Mnzanu uja amavala zakumakutuzo," anatero apongozi, akuloza mahedifoni.

"N'zongokometsera, amayi. Nkhani yonse ili m'maso."

Anakankha dzino loyamba. Linakwera, n'kuthwanima, iye n'kudina. Kawaya kanathyoka, ndipo pankhope ya loko panaoneka chipsera choyera.

"Chachitika n'chiyani?"

"Ndimayesa kaye kulimba kwake."

Anakhala tsonga. Tsopano anakankha dzino lija kokwana makumi awiri osadina, akulemba. Anaona chinthu chimene anali asanachionepo: dzino linkathwanima kawiri paulendo umodzi. Anamwetulira. Mlamu wake anali wochenjera ndithu, koma nzeru za kushopu zili ndi malire ake. Kuthwanima koyamba kunali nyambo, kwachiwiri ndiko kwenikweni. Anadina pakwachiwiri, dzino loyamba n'kukhazikika. Lachiwiri chimodzimodzi. Anatembenuka kuyang'ana apongozi ake kuti aone ngati akuona. Padzino lachitatu anadinanso pakwachiwiri, ndipo kawaya kanathyoka. Mano awiri aja anagwa. Zipsera zinakhala ziwiri.



"Apongozi," anatero mayiwo mwaulemu wonse, "mizere iwiriyo ikutanthauza chiyani?"

"Ikuwerenga maulendo."

"Amalola angati?"

"Atatu."

"Ndiye bwanji timudikire mwini wake? Tiyi akadalipo m'fulasikimu."

Apa ndi pamene nkhani yonse inagona. Akanaika padi pansi, Namwino akanapeza loko wovulala koma wamoyo, ndi mpata umodzi wotsala. Pulofesa anaziona zimenezi, pakuti sanali chitsiru. Koma anaonanso zina. Akasiya, mkazi wake apeza zipsera ziwiri ndi bokosi lotseka, ndipo nkhani ya kubafa ipeza mng'ono wake. Akatsegula, palibe amene adzawerenge zipsera. Anthu sakumbukira kuti mlenje anaphonya kangati ngati wabwera ndi nyama. Anayang'ana manambala ake. Chachiwiri, chachiwiri, kenako choyamba. Dongosolo linalipo ndithu. Linkangofuna munthu woliona. Yankho lenileni linali pansi pa pepala lakelo, litatsamira pabondo lake, koma iye ankalemba pamwamba pake.

"Ndaipeza njira yake, amayi. Tsopano ndikudziwa."

"Paja ndi kubafa munkateronso."

Anachita ngati sanamve. Dzino loyamba linakhazikika. Lachiwiri linakhazikika. Lachitatu anadina pakuthwanima koyamba, ndipo linagwira. Lachinayi analiyang'ana nthawi yaitali, n'kusankha koyamba, ndipo nalonso linagwira. Mwayi uli ndi nkhanza yake: umam'perekeza munthu mpaka pakati pa mtsinje kuti akhulupirire kuti amatha kusambira. Padzino lachisanu manambala ake sankanena chilichonse. Analikankha kasanu, kakhumi. Linkathwanima kawiri, mofanana ndendende, ngati maso a mphaka. Thukuta linatsikira m'kolala. Pomaliza anachita zimene amaletsa ana a sukulu pamayeso: analota, n'kuzitcha kuwerengera. Anadina.

Kawaya kanathyoka. Loko anada bii kuyambira pakati mpaka m'mbali. Pakona ya kanema kagudumu kakang'ono kanazungulira kawiri, kusonyeza kuti gemu yasunga zimene zachitika.

Pulofesa anadumpha n'kuzula chingwe kukhoma. Atayatsanso, anapezeka m'chipinda chomwe chija, pamaso pa bokosi lomwe lija, loko ali wakuda. Anatsika kukatenga nkhwangwa pamalo osulira zitsulo n'kulitema bokosilo. Nkhwangwa inkangodutsa ngati ikutema utsi. Analiponyera moto wamatsenga, n'kupsereza makatani a malemu. Kenako anatenga foni n'kufufuza pa intaneti, ndipo anapeza kuti anthu a m'mayiko ambiri anafunsapo funso lomwelo, ena mwaulemu, ena motukwana, ndipo onse anayankhidwa chimodzimodzi.

"Latseguka?" anafunsa apongozi.

"Pali kavuto pang'ono ka makina."

"Apongozi, ine gemu sindiidziwa. Koma nkhope ya munthu amene waswa chinthu ndimaidziwa. Ndalera ana."

Namwino anafika faifi itangopitirira, atanyamula buledi m'pepala. Anaima pakhomo. Anaona makina akumanzere akuyaka, amayi ake atapinda manja, mwamuna wake ataimirira ngati mwana woitanidwa ku ofesi ya ahedi. Sanakuwe. Anavula nsapato, n'kuika buledi pakatebulo, n'kutenga padi. Anayandikira bokosi n'kudina. Palibe chinachitika. Anadinanso kachiwiri, pang'onopang'ono, mmene amagwirira dzanja la wodwala amene akudziwa kale kuti wapita.

"Tiwaya tingati?"

"Titatu. Koma mano anayi ndinawakhazika, mayi."

"Anayi."

"Mwa asanu. Kutanthauza kuti njira yanga inali pafupi kwambiri ndi..."

"Mwakhoza, bambo. Kusukulu kwanu imeneyo ndi mphoto."

"Iwenso paja unapha lachinayi lija," anatero Pulofesa.

"Ndinapha. N'chifukwa chake ndinkadikira."

Anachotsa pepala la manambala pamwamba pa kope, n'kuliika pambali mosamala ngati chinthu cha mwini wake. Anatsegula kopelo patsamba lomaliza lolembedwa n'kum'patsa mwamuna wake.

"Werengani. Mokweza, amayi amve. Pafoni paja sindinawawerengere zonse."

Pulofesa anali ndi mawu abwino owerengera. Ndi amene ankawerenga zidziwitso pamzere kusukulu. Anawerenga.

"Chemwali, ngati wafika pano ndiye kuti manja ako aphunzira. Tsopano iwala maso. Loko wam'mwambayo ndinam'panga wabodza. Dzino lililonse limathwanima kawiri, ndipo usavutike kufuna dongosolo, palibe. Koma likafika pamalo penipeni limalira kaphokoso kakang'ono, kapansipansi, ngati supuni yakhudza kapu m'chipinda china. Vala mahedifoni, utseke maso. Usadine mpaka utakamva kakhumi osaphonya. Palibe akukuthamangitsa. Ine sindikupita kulikonse."

Anaima.

"Pali mzere wina pansipo," anatero Namwino.

Pulofesa anauyang'ana mzerewo nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira dzino lachisanu. Kenako anauwerenga, ndi mawu a munthu wowerenga chigamulo chake chomwe.

"Alamu anga usawapatse padi. Ndi munthu wabwino, koma adzati akudziwa."

Mayiwo anatulutsa kamawu kamene kanayamba ngati kuseka n'kuthera kwina. Anaphimba pakamwa ndi dzanja.

"Mzere umenewo ndinkakubisirani kuti musakhumudwe," anatero Namwino. "Kopelo lokha sindinabise. Lakhala pamenepo milungu isanu."

"Ukanandiuza za phokosolo."

"Ndinayamba kangati kukuuzani? Munkandidula ndisanafike pakati." Anakhala pampando wapakati. "Mukuganiza kuti amayi ndinawaitanira chiyani?"

Kanali koyamba m'banjamo funso kufunsidwa Pulofesa osaliyankha.

"Kaphokosoko ndinayamba kukamva Lachitatu. Mano onse asanu, kakhumi, osaphonya. Ndinati ndisatsegule ndekha ngati wakuba. Ndinati mawa m'mawa, tonse atatu titakhala pansi, inu muwerenge ndi mawu anu abwinowo."

Kunja ana ankasewera mpira, ndipo wina ankalimbikira kuti chigoli sichinalowe.

"Analemba zambiri?" anafunsa mayiwo.

"Milungu itatu, amayi."

Mayiwo anagwedeza mutu. Anatsitsa miyendo pampando, n'kutolera makapu, n'kupita nawo kukhitchini. Anawatsuka nthawi yaitali, kuposa imene makapu awiri amafuna.

Anabwerera kwawo Lamlungu masana. Potsanzikana anam'gwira dzanja Pulofesa monga mwa masiku onse, n'kumuthokoza chifukwa cha tiyi. Nkhani ya kubafa sanaifotokozenso pamaso pa anthu kuyambira tsiku limenelo, ndipo Pulofesa anazindikira mochedwa kuti kusekedwa kuja kunali chizindikiro chakuti ankamuwerengera m'banjamo.

Banja silinathe. Mabanja satha ndi zinthu zoterezi, amangosintha kamvekedwe. Pulofesa analembera kalata opanga gemuyo, masamba awiri, kufotokoza kuti loko wopanda dongosolo ndi kulakwitsa kwa kapangidwe. Anamuyankha mwaulemu kuti dongosolo lilipo, lili m'mawu, ndipo anam'funira masewera abwino.

Namwino sanasiye kuyatsa makina akumanzere. Ankalowa pamalo osulira zitsulo a mchimwene wake, n'kuphunzira ntchitoyo kuyambira pamisomali. Patatha miyezi iwiri anapanga loko wa mtundu womwe uja. Anam'khoma pabokosi lopanda kanthu, n'kulikweza m'chipinda cham'mwamba pafupi ndi lakuda lija, n'kukaponya kiyi mumtsinje. Kenako anavala mahedifoni n'kutseka maso.

Pulofesa anaimirira pakhomo la kukhitchini, mbale yonyowa ili m'manja. Anaona mano akuthwanima kawirikawiri pamaso pa munthu amene sankawayang'ana. Chala cha Namwino chinadina kasanu. Kawaya kanali kamodzi, ndipo kanatuluka kathunthu. Chivindikiro chinatseguka, mkati mulibe kanthu. Pulofesa, mwa chizolowezi, anali atayang'ana wotchi: sizinakwane mphindi ziwiri. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti paja iye ananena kuti loko ameneyo ndi wa mphindi ziwiri, koma anatsekanso n'kupitiriza kupukuta mbale.

Namwino anavula mahedifoni n'kutenga kope lobiriwira. Patsamba lotsatira anali atalemba kale, milungu yambiri m'mbuyomo, nambala ya bokosi lomaliza, n'kujambula mzere pansi pake ndi rula. Analiyang'ana tsambalo, n'kutseka kope, n'kulibwezera pamwamba pa makina.

Pamakina akumanja nambala ija ikadali mazana anayi ndi khumi ndi awiri. Masiku ano Pulofesa amasewera mawu ali oyatsa, ndipo amati azezewo si oipa kwenikweni. Koma m'kanyumba ka m'mbali mwa mtsinje muli bokosi limene mwini wake analisiyira njira yolowera, yolembedwa bwinobwino, ndipo munthu wina anaitsamira pabondo n'kulembapo manambala ake. Akale anaziona kale zoterezi: Ndadziwa-kale adamanga nyumba yopanda khomo.